Zimene Ndinalemba M'buku la Kusikelo

Ndinanamizira mlamu wanga Asiyatu, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Aneba athu ku Chikweo ali ndi TV ya sola. Loweruka lililonse masana, ine ndi Asiyatu tinkakaonera pulogalamu ya mwamuna mmodzi wosankha mkazi pakati pa atsikana ambiri. Amuna anga ali ku Joni, ndipo chaka chino sakuimbanso foni. Mwina n'chifukwa chake ndinayamba kulemba amene watengedwa kokayenda, amene wabwezedwa kwawo, ndi sabata yake. Ndinkafuna kudziwa chimene osiyidwawo amalakwitsa. Pepala ndinalibe, choncho ndinkalemba kumapeto kwa buku la kusikelo la mwana wanga.

Tsiku la sikelo, alangizi a zaumoyo anatsegula bukulo pamaso pa amayi onse.

"Sabata yachitatu, wa diresi lofiira wabwezedwa," anawerenga mokweza. "Mayi, ameneyu ndi katemera wanji?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Manyazi anandigwira.

"Iyayi, si ine," ndinatero. "Ndi alamu angawa."

Asiyatu anali pambali panga, atandiberekera mwana. Kusukulu sanapiteko, ngakhale dzina lake salemba, ndipo amayi a m'mudzi mwathu amadziwa zimenezo. Koma anangoweramitsa mutu n'kunena kuti, "Pepani adokotala, ndine."

Pobwerera anandiberekerabe mwanayo. Titafika pamphambano anatsitsa mwana n'kundipatsa. Moni amandipatsabe, ndikadwala amanditungirabe madzi. Koma Loweruka amadutsa pakhomo panga osandiitana, ndipo ine ndimangokhala m'nyumba, kumva anzanga akuseka kwa aneba.