Nthungululu pakati pa nyimbo ya ku Finland

Mtsikana amene ndinamulera ku Jumeirah, kunja komwe ndinkagwira ntchito ya m'nyumba, ankaliza vayolini. Ndinamupeza akukwawa, ndipo atayamba kuphunzira kuliza, m'nyumba munkamveka ngati chitseko chosowa mafuta. Ndinapirira mpaka zinayamba kukoma.

Chaka china gulu loimba la kusukulu kwawo linkakonzekera nyimbo ziwiri za zaka zoposa zana, ina ya ku Mangalande, ina ya ku Finland. Iye anandiuza kuti opeka nyimbo a kumeneko ankamvetserana, ndipo ambiri ankatapa m'nyimbo za anthu akumudzi. Ine pomvetsera ndikusita zovala sindinkazisiyanitsa. Zonse zinkayambira pansipansi ngati munthu wong'ung'udza kumunda, kenako n'kufufuma mpaka thupi kuchita tsemwe.

Vuto linali mantha. Anamupatsa kagawo koliza yekha m'nyimbo ya ku Finland, koma poyeserera ankangolekezera panjira.

"Anti, ndikalakwitsa pagulu, khalas, basi, vayolini ndisiya," anandiuza tsiku lina kukhitchini. Zinandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti mwanayu sanena zocheza.

Tsiku la chionetsero madamu, mayi ake, ananditenga. Nyimbo ya ku Mangalande inatha, tonse tinaomba m'manja. Ya ku Finland inayamba, malipenga anabangula, kenako kunangoti zii. Palibe anandiuza kuti nyimbo zoterezi zimakhala ndi magawo, ndipo pakati pake anthu amangotsokomola mwaulemu. Kwathu nyimbo ikakukoma sumangokhala ngati chitsa. Ndinaimirira n'kuimba nthungululu yamphamvu, ya paukwati.

Holo yonse inacheuka. Madamu anandikoka diresi, nkhope itafiira. Wotsogolera oimba anatembenuka, anandiyang'ana, n'kundiweramira pang'ono, anthu n'kuphulika kuseka. Ndinakhala pansi mwakachetechete, koma manyazi ndinalibe. Nyimboyo inali yokoma, nanga ndikanatani?

Nditayang'ana kutsogolo ndinaona mtsikana wanga akuseka mpaka mapewa kugwedera, akupukuta misozi ndi mkono. Gawo lotsatira linali lake. Anakweza vayolini kumwetulira kusanachoke pankhope. Analiza pang'onopang'ono, mawu oonda koma osaduka, mpaka anzake onse anamulandira.

Nyimbo itathadi, mtsikanayo anandifunafuna ndi maso n'kugwedeza mutu kuti tsopano imbani nthungululu. Ndinatsegula pakamwa koma mawu anakana kutuluka, ndinali ndikulira.