Tsiku Limene Ndinalakwa Masamu Dala

Ndili m'giredi sikisi, mvula inagwa masiku angapo osapumira ndipo nyumba zambiri za m'komboni ya Kuku zinamira. Sukulu yathu inali ku Chawama, koma anzanga ambiri a m'kalasi ankachokera ku Kuku. Ena anabwera opanda makope, ena opanda nsapato, mtsikana wina sanabwerenso konse. Aphunzitsi athu, mayi wamtali wokonda masamu kuposa china chilichonse, anati tichite mpikisano wa masamu kuti tisonkhe ndalama zothandizira mabanja amenewo.

Aliyense anapatsidwa pepala la mizeremizere loti ayende nalo m'komboni. Munthu wofuna kuthandiza ankalembapo ndalama imene adzapereke pa yankho lililonse limene mwanayo adzakhoze. Lamulo la sewerolo linali lakuti mwana aima kutsogolo, aphunzitsi afunsa, iye ayankha za pamtima, ndipo sakhala pansi mpaka atalakwa katatu. Tinayeserera sabata yathunthu. Tsiku lina ndinafika mayankho makumi atatu belu n'kulira ndisanalakwe ngakhale kamodzi.

Masamuwo sindinawaphunzire m'kalasi mokha. Makolo anga onse anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo ndinakula ndi ambuya, amene anabala mayi anga. Pakhomo pathu panali kantemba ka matabwa pamene ankagulitsa tomato, anyezi, kapenta ndi mafuta oyezera m'timapepala. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, choncho ndikaweruka kusukulu ine ndi amene ndinkabweza chenji. Sindinali mwana wolankhulalankhula. Ndinkangoyang'ana manja a anthu ndi kuwerenga.

Pepala langa linagona m'chikwama masiku atatu. Kupempha kunkandivuta. Woyamba kulembapo anali atelala a pafupi nafe, bambo wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Malawi. Anabwera kudzagula anyezi, anaona pepala likusuzumira m'chikwama, analiwerenga lonse mpaka tilembo ta pansi, n'kulemba mangwee makumi asanu, theka la kwacha.

Pa nthawi yomweyo panali mayi wina wogulitsa zitumbuwa, amene mwana wake wamwamuna tinali naye kalasi imodzi. Iye ndi ambuya ankapatsana moni tsiku ndi tsiku, koma sankakondana.

"Ise tinalemba thu kwacha pa pepala ya mwana wanga," anatero mayiyo. "Koma imwe musazivute, ambuya. Mwana wamene alibe makolo, ba ticha bazamvesesa."

Ambuya anasiya kupanga milu ya tomato.

"Alibe makolo? Nanga ine pano ndine mtengo? Ba telala, lembani apo. Faifi kwacha."

"Ambuya, ni pa yankho iliyonse," atelala anatero motsitsa mawu. "Osati kamodzi chabe."

"Ndamva. Maso ndiwo anafa, makutu alipo."

Atelala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, kenako analemba. Mayi wa zitumbuwa anaseka pang'ono n'kunyamula beseni lake.

Ndinali nditawerengera kale ndalamayo m'mutu atelala asanabweze cholembera m'thumba. Ndikadzakhoza monga ndinakhozera poyeserera, ndalamayo idzaposa imene ambuya ankapita nayo m'mamawa kokaoda bokosi la tomato. Mpamba wonse wa kantemba ndinkaudziwa chifukwa unkadutsa m'manja mwanga. Popanda bokosi limenelo panalibe chogulitsa, ndipo popanda chogulitsa panalibe ufa. Ndinaganiza kuti ambuya anangolankhula chifukwa cha mkwiyo, ndipo sankadziwa kuti ndimafika pati. Kuwauza kuti afafanize sindikanatha. Mawu anenedwa pamaso pa mayi uja, ndipo ambuya sanali munthu wobweza mawu.

Mpikisano unachitika Lachisanu masana, makolo ataitanidwa. Ambuya anatseka kantemba, chinthu chimene ankachita pa maliro pokha. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kukhala kumbuyo, pa desiki yaing'ono imene mawondo awo sanakwanemo. Pansi m'kalasimo panali padakali chinyezi. Pa tebulo la aphunzitsi panali chitini chopanda kanthu ndi mulu wa zotsekera za mabotolo. Mwana akakhoza, woyang'anira kalasi ankaponya chotsekera chimodzi m'chitinimo, ana onse n'kuwerenga mokweza.

Kalasi inagawidwa pawiri, a kukhomo ndi a kuzenera. Ine ndinali wa kuzenera, ndipo anzanga anandiika komaliza ngati mmene amasungira wothamanga kwambiri. Mwana wa mayi wa zitumbuwa, wa gulu la kukhomo, anakhoza mayankho asanu ndi anayi. Mayi ake analulutira mpaka aphunzitsi anakweza dzanja.

Nditaima kutsogolo, mafunso oyamba ndinayankha osaganiza n'komwe. Mayankho ankangotuluka okha pakamwa. Chotsekera chikagwa m'chitini, anzanga ankafuula nambala, koma ine m'mutu ndinkawerenga zanga: asanu, khumi, khumi ndi asanu. Pofika chotsekera chachisanu ndi chimodzi ndinaona kuti apa ambuya angathe kulipira ndipo tomato n'kuodabe. Funso lotsatira ndinanena nambala yolakwika.

Wina kumbuyo anati, "Aa, wayamba kunjenjema."

Funso linanso ndinalakwa. Aphunzitsi anandiyang'ana nthawi yaitali, pepala la mafunso analiika pansi. Ndikukhulupirira kuti ankafuna kundithandiza, chifukwa anandifunsa funso la pamsika, ndipo analifunsa m'Chinyanja kuti ngakhale makolo amve.

"Munthu wagula milu itatu ya tomato, mulu umozi fo kwacha. Wakupasa twente kwacha. Uzamubwezela zingati?"

Yankho ndinali nalo asanamalize. Ndinaonanso milomo ya ambuya kumbuyo kuja ikulitchula mwakachetechete. Ndinayang'ana chitini.

"Sikisi kwacha," ndinatero.

Ana a kukhomo anamenya madesiki. Mtsikana amene ndinkakhala naye pa desiki imodzi anasuntha chikwama chake nditabwerera, ndipo anandinong'oneza kuti, "Watigulisa iwe." Mayi wa zitumbuwa anangotembenukira kwa ambuya n'kupukusa mutu ngati wopepesa pa maliro.

Pomaliza makolo anafola pa tebulo kuti apereke zimene analonjeza. Ndinawaperekeza ambuya kuti ndiwawerengere. Anamasula mfundo ya pa chitenje. Munali ndalama zamapepala zopindidwa bwino, zambiri kuposa mpamba wathu. Sizinali za kantemba. Ndinamva pambuyo pake kwa atelala kuti ambuya anakapempha amayi a chilimba chawo, gulu lija losonkherana ndalama mosinthana, kuti alandire iwo sabata imeneyo m'malo mwa mwezi wotsatira. Anawauza kuti mdzukulu wawo akadzaimirira sadzakhala pansi msanga.

Anapereka makwacha makumi atatu, zotsalazo anamanganso. Zala zawo zinavutika ndi mfundoyo, koma sanafune kuti ndiwathandize.

Pobwerera tinkaponda pa miyala ndi matumba a mchenga amene anthu anayala m'madzi. Ambuya anali patsogolo. Sanandikalipire. Titayandikira kunyumba anaima n'kunena ali chiyang'anire kutsogolo.

"Wolakwa ndine, mwana wanga. Anzako akaweruka agwira buku, iwe ndakusandutsa wogulitsa kapenta. Mutu watopa. Mayi ako akanakhalapo sakanalola."

Pamenepo ndi pamene ndikanalankhula. Mawu anali pafupi. Koma kunena kuti ndinalakwa dala kunali kuwauza kuti ndinawaona ngati munthu wosatha kulipira zimene walonjeza, monga mmene mayi wa zitumbuwa anawaonera. Ndinasankha kuti andiyese wolephera. Mpaka lero sindidziwa ngati chimenecho chinali chopepuka kwa iwo kapena kwa ine.

Lolemba aphunzitsi ananditsaliritsa anzanga atatuluka.

"Uziba kuti niziba," anatero. "Chinachitika ni chani?"

Ndinayang'ana kukhomo. Anadikira, kenako anati ndipite. Sanandifunsenso, koma kuyambira pamenepo akafunsa funso lovuta sankayambiranso kuyang'ana kumene ndinkakhala. Ndalama za mpikisano anagulira mabulangete ndi makope, ndipo ife tinathandiza kunyamula. Panjira anzanga ankawerengerana kuti akanagula angati ine ndikanapanda kunjenjemera.

Ambuya anachita zimene ananena. Sanandilolenso kukhala pa kantemba. Ndalama za chilimba zija anagulira tebulo laling'ono kwa kalipentala, analiika m'nyumba pafupi ndi zenera kuti ndiziona bwino powerenga. Zeneralo linali kumbuyo kwenikweni kwa kantemba. Ndinkamva zonse: wogula akutchula zimene akufuna, ambuya akupapasa makobidi, akuyandikizitsa ndalama kumaso kuti aione mtundu wake. Anthu ambiri ankawabwezera akawonjeza chenji. Ena sankabweza, makamaka anyamata otumidwa. Ine ndinkadziwa nthawi iliyonse, buku lili chitsegukire patsogolo panga.

Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo m'zaka zonsezo sindinawauze. Ndinkati ndidzanena ndikadzakhoza mayeso a giredi seveni. Nditakhoza anauza aliyense kuti tebulo lija ndi limene linandipulumutsa, ndipo ndinawaona mmene anasangalalira, mawu n'kubwereranso m'mimba.

Kamodzi kokha ndinalephera kupirira. Bambo wina anagula mafuta ndi kapenta, ndipo ndinamva ambuya akumuwerengera chenji choposa. Ndinatchula nambala yoyenera pazenera, mokweza. Bamboyo anaseka mwamanyazi n'kubweza makobidi awiri. Atachoka, ambuya anabwera pazenera paja. Ndinkayembekeza kuti andifunsa kuti zatheka bwanji, mwana amene analephera milu itatu ya tomato.

"Usamamvere za kuno," anatero. "Werenga."

Anakoka katani, ndipo ndinawamva akubwerera pa mpando wawo.