Phala la Sisitere Pilar

Ntchito yolipidwa ndinaiyamba ndili kale ndi zidzukulu. Katekisiti wa kwathu ku Wenya ndiye anadzandiuza kuti masisitere ena kufupi ndi Lufita akufuna mayi wosamalira wodwala. Ndinayamba ndamufunsa kuti iyeyo apindulapo chiyani. Ine munthu akabwera ndi nkhani yokoma ndimamuyang'ana kawiri.

Wodwalayo anali Sisitere Pilar, nkhalamba ya ku Spain. Anakalambira kuno, ndipo Chitumbuka ankachilankhula ngati mbadwa. Koma atafa ziwalo mbali imodzi, zonsezo zinathawa m'mutu, kunangotsala Chisipanishi cha kwawo. Ukawagwira osawachenjeza, ankakuwa.

Sisitere Ines, wachitsikana, anandiphunzitsira Chisipanishi pang'ono kukhitchini. "Mama Nakayira, muziwauza chimene chikubwera musanachichite. Tengani mawu onse, comer, kudya, osadulapo. Mungowonjezera kumchira. Comeré, ndidzadya. Comerá, mudzadya, mwaulemu. Comeremos, tidzadya." Anati tomar, kumwa, ndi caminar, kuyenda, amatsata njira yomweyo. Ndinakawayesa mawuwo ndikuyang'anitsitsa nkhope ya wodwalayo, kuopa kuti mwina mwanayu wandiphunzitsa zotukwana. Ayi ndithu. Ndikati "caminaremos", agogo aja ankatambasula okha dzanja kufuna ndodo.

Zinavuta adokotala atasintha mankhwala. Wina anaphwanyira mapiritsi m'phala osawauza. Sisitere Pilar anamva kuwawa, analavula, basi kudya kunathera pomwepo. Milomo inayamba kuuma. Mkulu wa masisitere anati, "Akapanda kudya lero, mawa galimoto iwatenge. Akawasamalire abale awo ku Spain." Komatu tonse tinkadziwa kuti mayiyu anadzisankhira kale pogona pake, kumanda a kuseri kwa tchalitchi.

Ena onse ankangowanyengerera. Ine ndinawamvetsa agogowo, pakuti nanenso chakudya chimene sindinachione chikuphikidwa ndimachikayikira. Ndinanyamula mbaula, poto ndi ufa wa mawere mpaka pakhomo pa chipinda chawo, ndi kuphika phala iwo akuona. Mapiritsi ndinawaika poyera, pa kambale kawokha.

"Comeré," ndinatero, ndi kumeza supuni yoyamba. Ndinakhala phee kuti aone ngati ndigwe. Kenaka ndinawatambasulira supuni. "Comerá."

Anatseka pakamwa kuti nga! Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi diso lakuthwa. Ndiye anakankhira supuniyo kwa ine ndi dzanja lamoyo, nati motsitsa, "Comeremos."

Tinadya mosinthana, supuni ine, supuni iwo, mpaka mbale inayera. Mapiritsi anatola okha.

Sisitere Ines anasuzumira pakhomo. "Mama, mwamudyera wodwala theka la phala!"

"Yewo," ndinatero. "Mawa muwonjezere ufa."

Galimoto ija sinawatenge. Anakhala nafe mpaka tsiku lawo, ndipo agona pamene ankafuna. Chimene ndinatolapo ndi ichi: munthu wamantha usamuuze kuti akukhulupirire. Muuze chimene uchite, ndipo uchichite iye akuona.