Njuchi Yodula Masamba a Adona

Amuna anga ndi achimwene anga ankasamalira limodzi maluwa kunyumba kwa manijala wa esiteti ya tiyi. Ntchitoyo achimwene anawapezera ndi amuna anga omwewo, ndipo madzulo ankabwera onse kumalayini, kunyumba za antchito, akuseka, njinga imodzi.

Chaka china mvula itayamba, masamba a maluwa a rozi anayamba kudukaduka m'mbali. Sikunali kudya kwa mbozi ayi, kunali kudula kozungulira bwinobwino. Adona, akazi a manijala, anakalipa. Amuna anga anapopera mankhwala, koma masamba ankadukabe. Tsiku lina anafika kunyumba nkhope ili gwa.

"Chilombo chanji chodula ngati telala? Iyi ndi sizasi. Achimwene akowa akufuna ndichotsedwe ntchito, atsale okha."

"Inu bambo, munthu wandevu zake angamalawirire kukadula timasamba?" ndinatero ine. Koma amuna anga akatsimikiza chinthu, kuyankhula nawo n'kungotaya malovu. Anakawanenera kwa adona, ndipo achimwene ananyamula chikwama chawo kubwerera kwathu ku Thekerani osatsanzika.

Masamba anapitirira kuduka.

Mwini sizasi ndinamuona pakhonde panga pomwe, ndikusankha nyemba. Kanjuchi kakuda, kojintcha, kamutu waukulu, kanabwera katapana kachidutswa ka tsamba ndi miyendo n'kulowa m'bowo la nsungwi ya denga. Kanatuluka, kanabweranso ndi kena, kokhakokha. Nditang'amba nsungwiyo ndinapeza masamba a rozi atakulungidwa ngati ndudu, tizipinda totsatizana, kalikonse ndi kadzira kake. Mayo ine!

Alangizi a zaulimi atadutsa ndinawaonetsa. Anati si njuchi zonse zimakhala mumng'oma. Izi n'za banja la zokhala zokha, abale ake ndi zija zomata zisa ndi dothi. Zilibe mfumukazi, uchi sizipanga, ndipo pozizindikira uziyang'ane kumimba, poti mungu zimanyamulira kumeneko, pomwe zauchi zimanyamulira kumiyendo. Anawonjeza kuti duwa silifa nazo n'komwe.

Madzulo ndinaika nsungwi ija pamiyendo pa amuna anga. Anafunyulula kandudu kamodzi, n'kuona kadzira kali m'kati.

"Ndiye alamu ndikawauze chiyani? Kuti inali njuchi?"

"Eya, mukawauze zomwezo."

"Ndipita mawa."

Mawa lakelo linatha zaka. Ndinakumbutsa mpaka pakamwa panatopa, kenaka ndinangosiya. Nanga ndikanawanyamula kumsana? Kwathu ndinkapita ndekha. Nkhani ya njuchi ndinawafotokozera achimwene, iwo anangoti woyenera kuwauza zimenezo ndi alamu awo, osati ine.

Awiriwo anadzakumana pamaliro a amayi athu. Anthu atabalalika kumanda, amuna anga anayandikira n'kutambasula dzanja. Achimwene analiyang'ana dzanjalo, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, kodi maluwa a adona aja anachira?"