Madzi Ofiira Kunsi kwa Damu

Tinkakhala cha ku Namwera, amuna anga ali mlangizi wa zaulimi. Kumtunda kwa mudzi kunali damu la dothi limene anthu anaunjika ndi makasu pa ntchito ya chitukuko, kuti mtsinje usamakokolole minda. Kunsi kwake kunali mzikiti ndi nyumba zambiri, yathu ili pomwepo.

Patsinde pa khoma la damulo pankatuluka timadzi toyera bwino, ndipo amayi tinkachapirapo. Tsiku lina, mvula itagwa sabata yathunthu, ndinaviikamo malaya oyera a bambo akunyumba, n'kutuluka ofiira ngati katondo. Ine ndi pakamwa pangapa, ndinafika kunyumba ndikulalata.

Bambo sanaseke. Anathamangira komweko, n'kubwerako msangamsanga.

"Madzi akamatuluka oyera ndiye kuti damu likungochita thukuta," anatero. "Akafiira, likudzidya m'kati. Limeneli silifika mawa."

"Ndiye kauzeni anthu!"

"Ndikanene kuti chitukuko cha boma chikugumuka? Mwaiwala kuti tili kuti?"

Masiku amenewo mawu otere ankasowetsa munthu. Komabe anapita kwa atcheyamani a chipani, ine ndili pambuyo. Tinawapeza pakhonde akusoka fodya.

"Alangizi, damu limenelo anatsegulira ndi anduna," anatero osakweza mawu. "Ndiye inu mukuti anduna anatsegulira chinthu chowola?"

Tinabwerera kunyumba. Bambo anatenga khasu. Nanenso ndinatenga langa, ngakhale anandikaniza. Tinayamba kukumba ngalande kumapeto kwa khoma, panthaka yolimba, kuti madzi apungukire kumbali. Khomalo ukaliponda linkanyefuka ngati phala. Anthu ankationerera chapatali, koma palibe anabwera ndi khasu. Nthawi imeneyo ndinawatukwana mumtima, ngakhale ndinkadziwa kuti nawonso ali ndi ana. Dzuwa litapendeka madzi anapeza njira, n'kukhamukira kudambo, kumene anagonetsa chimanga cha atcheyamani.

Damu linaphwa, khoma silinagwe, ndipo palibe nyumba inalowa madzi. Koma mlandu unachokera pomwepo. Popeza silinagumuke, panalibe umboni woti likanagumuka. Chimene aliyense anaona ndi mlangizi akuboola chitukuko ndi khasu dzuwa likuswa mtengo.

Galimoto ya apolisi inabwera kudzatenga bambo Lachiwiri m'mawa. Ndinaima pamsewu mwana ali kumbuyo, ndikuyang'ana uku ndi uku kuti mwina wina atuluka n'kunena kanthu. Onse a kunsi kwa damu anali m'nyumba zawo zouma, atatseka zitseko.