Chifundo cha amalume chasankha wamkulu yekha

Mwaswera bwanji abale?

Ana awiri, mnyamata ndi kamlongo kake, amene anatulukira okha kuchokera ku Mozambique aja, omwe amayi anga akuwasunga, lero apeza wowakonda. Amalume a ku Nzama abwera ndi chifundo chosefukira, ati: "Achemwali, ndikupepuzeni, mnyamatayu ndimutenge."

Kamtsikana ka zaka zinayi sanakayang'ane n'komwe. Koma mnyamata wamkuluyo amufinya m'mikono ngati akugula ng'ombe ya pangolo. Zangochitikatu kuti kachewere wawo wakhwima sabata ino.

Kamtsikanako kangogwira malaya a mlongo wake, osalira, osasiya.

Amayi ati: "Achimwene, anabwera awiri, mutenge onse awiri." Pompo chifundo chakwera njinga n'kubwerera ku Nzama.

Akuti abweranso ndi akuluakulu. Inu mukuti bwanji, tiwapatse mwanayo, kapena tingowabwereka khasu akakumbe okha kachewere wawoyo?