Pampu ya Agogo Itapakidwa Penti

Ndikukumbukira pampu ya petulo yomwe inkaima pabwalo pathu ku Glen Norah, pansi pa mtengo wa mapeyala. Inali yachikale, yopukusa ndi dzanja, yodzaza dzimbiri. Agogo aamuna anabwera nayo pamene antchito anachotsedwa ku famu. Anzawo ananyamula mabedi ndi mbuzi, iwo ananyamula chitsulo chopanda ntchito, ndipo amayi sankatopa kuwanena.

Ku famuko agogo ankathira mafuta m'mathirakitala kuyambira unyamata wawo. Pofika kwathu maso anali atasiya kuona. M'mawa uliwonse ankafufuza ndi ndodo mpaka kuipeza pampuyo, n'kuyamba kuisisita. Dzanja linkayamba ndi chogwirira chomwe chinasalala ndi chikhatho chawo, kenako linkatsika pomwe chitsulo chinalowa m'kati. Pamenepo panagunda thirakitala, dalaivala akuthamangira kukawauza kuti amayi abadwa. Akapagwira, nkhani zinkayamba, ife tikumvetsera.

Amalume, omwe ntchito yawo yowotcherera zitsulo inali itatha, dzimbirilo linkawanyansa.

"Bambo, ndiloleni ndiikonze ioneke ngati yatsopano."

"Ioneke kwa ndani?" anafunsa agogo.

Agogo atapita kukagona ku maliro ku Mbare, amalume anapeza mpata. Anawongola ndi hamala pomwe panagunda thirakitala paja, ine n'kupala dzimbiri mpaka zala kufiira. Anaipaka penti yofiira, ndi chogwirira chomwe, ndipo fungo lake linalowa mpaka m'mabulangete. Kunena zoona, inakongola.

Zinali zaka zomwe petulo ankasowa, munthu akaona mzere ankayamba waima kenako n'kufunsa. Dalaivala wina anaona chofiiracho pamwamba pa mpanda n'kuima. Pofika masana magalimoto anali atandanda mpaka pakona, ena ochita kukankhidwa. Amayi anauza madalaivalawo m'Chishona ndi m'Chingerezi kuti mulibe ngakhale dontho, koma ankangoti tikubisira abale athu. Tinaseka mpaka kugwira nthiti.

Agogo atabwera, amalume anawatsogolera monyadira. Dzanja linagwira chogwirira, linatsika, linafufuza uku ndi uku. Paliponse panali posalala.

"Mwaika ya ndani pano?" anafunsa motsitsa mawu. "Yanga mwapita nayo kuti?"

Amalume analumbira kuti ndi yomweyo. Agogo anangogwedeza mutu n'kupempha kuti awalowetse m'nyumba. Sanakalipe, koma sanapitenso pansi pa mtengowo, ndipo nkhani za ku famu zinathera pomwepo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo amalume anakhala masiku osayang'ana munthu kumaso.

Lero petulo ali paliponse, pampu zake zowala manambala. Yathu ikadali pabwalo, penti inasupuka, dzimbiri linabwerera. Mwana wanga anandifunsa m'Chishona ngati angaipake. Ndinamukaniza, n'kugwira dzanja lake kuti ndimuonetse pomwe panagunda thirakitala. Tinafufuza tonse awiri, koma sindinapapeze.